Mzime Atsitsa Pikapu ya Bambo Ake

Kumapeto kwa msewu wina wafumbi kunali nyumba ya khonde lalitali, ndipo anthu a m'nyumbamo ankadzuka ndi pemphero n'kugona ndi nthabwala. Bambo ankanyamula katundu wa anthu pa pikapu yawo yoyera. Mayi ankasamala pakhomo ndi kuweta nkhuku. Mwana wawo woyamba anali wamkazi, telala, ndipo makina ake osokera ankalira pakhondepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Womaliza anali mnyamata amene anali atangomaliza kumene sukulu. Dzina anali nalo, koma aliyense ankangomuitana kuti Mzime.

Pikapuyo sinali yokongola. Ikakhala yopanda katundu, kumbuyo kwake kunkakwera m'mwamba, mphuno ili pansi, ngati nkhuku yojompha. Ikadutsa pamabampu inkanjanja mpaka mano a wokwera kugundana. Koma ikasenza njerwa kapena matumba a simenti inkakhazikika bwinobwino, n'kumayenda myaa, ngati yapeza chimene imafuna.

Tsiku lina mchemwali wa Mzime, singano ili pakamwa, anamufunsa mwambi.

"Tandiuza, Mzime. Abale asanu ndi awiri amagona mosanjikizana, wamtali pamwamba, wamfupi pansi. Sadya, salankhula, satuluka padzuwa, koma ndi amene amatidyetsa m'nyumba muno. Ndani amenewo?"

Mzime anatchula mbale, anatchula mabulangete, anatchula mashelefu. Mchemwali wake ankangopukusa mutu. Bambo, amene ankasamba m'manja chapafupi, anaseka n'kumukodola.

"Bwera udzawapatse moni abale akowo."

Anagona chagada pansi pa pikapu onse awiri. Bambo analoza pafupi ndi tayala lakumbuyo. Panali zitsulo zazitali zopyapyala, zopindika ngati uta, zosanjikizana ndi zomangidwa pamodzi ndi mabawuti. Mbali inayo kunalinso zina zotero.

"Awa ndi masipuling'i," anatero Bambo. "Pogula galimotoyi ndinapeza ochepa, ine ndinawonjezera. Ndi amene amaikweza kumbuyoku. Anthu amaiseka, ndimawamva. Koma mpata uwu, pakati pa tayala ndi thupi la galimoto, ndi malo a katundu. Katundu akakwera, galimoto imatsikira mumpatamu. Ukautseka, itsikira kuti? Msinkhu wa galimoto sasankha ndi maso, mwana wanga. Amasankha katundu ndi msewu."

Mzime anavomera ndi mutu, koma maganizo ake anali pa girisi amene anamudetsa malaya.

Pasanapite nthawi, Bambo anaterereka potsitsa thanki ya madzi, n'kuvulala msana. Kuchipatala anawachita opaleshoni, ndipo anawalamula kuti agone osadzuka mpaka fupa ligwire. Chipinda chawo chinali kuseri, zenera lake loyang'ana kukhola la nkhuku. M'menemo ndi mmene anaitanira Mzime n'kumuika makiyi m'manja.

"Kuyambira lero ndiwe miyendo yanga. Uitsuke, uithire oyilo, usathamange. Koma chinthu chimodzi: za pansi usakhudze."

"Sindikhudza, Bambo."

"Wamva?"

"Ndamva, Bambo."

Masiku oyamba Mzime anagwira ntchito ngati mwana wa bambo ake. Ankalawirira kupita pamalo pamene magalimoto a hayala ankaima, pafupi ndi mashopu a zomangira nyumba. Makasitomala akale ankamufunafuna. "Ili kuti yoweramayo?" ankatero, ndipo ankamupatsa njerwa, mchenga, matabwa.

Pamalopo pankabweranso mnyamata wina amene anthu ankamutchula kuti Tcheni, chifukwa cha tcheni chonyezimira chimene sichinkachoka m'khosi mwake. Nayenso anali ndi pikapu, koma yake inali yakuda, yotsika mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza pansi, malimu a matayala ake owala ngati mano a mwana. Sinkanyamula njerwa. Inkanyamula zokuzira mawu za kumaphwando, ndipo masiku ambiri inkangonyamula Tcheniyo ndi nyimbo zake.

Masana ena atsikana atatu a kusukulu ya zamakompyuta anaima pa pikapu ya Tcheni n'kumadzijambula. Tcheni anatsamira chitseko, n'kufuulira Mzime kuti onse amve.

"Aise! Galimoto yakoyo ikufunafuna chiyani pansipo? Yataya singano ya achemwali ako?"

Atsikanawo anaseka.

"Kapena ikupemphera? Uiuze itipemphererenso ife ochimwa!"

Mmodzi wa atsikanawo, wamaso aakulu, anayang'ana pikapu yoyerayo n'kuwerama, kuitsanzira, ndipo anzake anaseka mpaka kugwirana. Mzime anamva makutu kutentha. Analowa m'galimoto n'kunamizira kufunafuna kanthu pansi pa mpando. Galimoto imene inamulipirira sukulu, tsiku limenelo anachita nayo manyazi.

Anthu atabalalika, Tcheni anabwera n'kumugwira paphewa.

"Usakwiye, mphwanga, ndi macheza. Koma kunena zoona, iwe ndiwe mnyamata wooneka bwino. Ukuyenderanji pa galimoto ya agogo? Matenda ake ndi aang'ono. Kuchotsa zitsulo zitatu uku, zitatu uku, basi, yagona pansi ngati mphaka."

"Bambo anati za pansi ndisakhudze."

"Abambo ako ali kuti?"

"Ali chigonere."

"Ndiye aona ndi chiyani? Ndi msana?" Tcheni anaseka. "Akamadzadzuka tidzabwezeretsa. Ntchito ya masana amodzi. Zitsulozo ukandisungitsa ine, ndikupatsa malimu anga akale aja, owala ngati awa. Palibe chotuluka m'thumba mwako."

"Nanga katundu?"

"Katundu, katundu! Unabadwira simenti iwe? Nyamula matilesi, nyamula mipando. Moyo ndi umodzi, aise."

Mzime anakana tsiku limenelo. Mawa lake anakananso, koma mawu ake anali ofewa. Tsiku lotsatira mtsikana wamaso aakulu uja anadutsa, n'kuloza pikapuyo, n'kumufunsa akumwetulira ngati nkhuku yakeyo yapeza chimanga. Masana omwewo pikapu yoyera inalowa kuseri kwa nyumba ya Tcheni.

Anaikweza pa jeke. Mabawuti anali olimba, omangidwa ndi dzanja la munthu wosafuna kuti amasuke. Tcheni anachita kuponda sipanala ndi phazi. Bawuti yoyamba italira, Mzime anamva ngati akumva mawu a bambo ake, koma Tcheni anakweza nyimbo. Zitsulo zinatuluka chimodzichimodzi n'kuponyedwa pa udzu. Anamasulanso za kutsogolo kuti mphuno nayo itsike. Atamaliza kumanga malimu n'kuchotsa jeke, pikapu inagona pansi, yosalala, yooneka ngati ya m'zithunzi.

"Taona!" anatero Tcheni. "Tsopano ndiwe munthu."

Mzime anaizungulira kawiri, mtima ukuvina. Sanayang'ane pa udzu paja.

Pageti la kwawo panali kamzere ka simenti kotchinga madzi a mvula. Pikapuyo inali itadutsapo zaka zonse osakamva. Madzulo amenewo mimba yake inakhula, khweee!

"Mzime!" Mawu a Bambo anachokera kuchipinda chakuseri. "Chakhula n'chiyani pagetipo?"

Mzime anaima pakhomo la chipindacho, makiyi ali m'manja.

"Ndaponda chitini, Bambo."

"Chitini?" anatero Bambo. "Galimoto imene ija ndimaidziwa kulira kwake ngati chifuwa cha amayi ako. Lero yalowa mwachilendo."

"Ndi chitini basi. Ana a oyandikana nawowa amataya paliponse."

"Chabwino. Uwauze asiye."

Limenelo linali bodza loyamba, ndipo linatuluka movuta ngati bawuti ija. Otsatirawo anatuluka okha.

Mayi anaona malimu. Mzime anati mnzake wamubwereka kuti akope makasitomala. Tsiku lopita kukagula chakudya cha nkhuku, Mayi anakwera n'kudabwa.

"Koma ine ndatalika kodi? Kale ndinkachita kugwira chitseko n'kuitana dzina la Ambuye kuti ndikwere. Lero ndangolowa ngati ndikulowa m'bafa."

"Mwazolowera chabe, Amayi."

"Ukalamba ukundikomera," anatero Mayi, akuseka.

Koma telala ali ndi diso la muyezo. Mchemwali wake anamupeza m'mawa wina akupukuta malimu ndi kansalu. Anayang'ana pikapu kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, monga ankayang'anira diresi lopotoka. Kenako anaika dzanja lake lamanja pamwamba pa tayala.

"Kale apa pankalowa chikhatho changa chonse, n'kutsalanso malo. Lero pakulowa zala zitatu. Mzime, abale aja alipo onse?"

"Ndi malimuwa, achemwali. Akunamiza maso."

"Ine maso anga sanamizidwa ndi zonyezimira. Tandiyang'ana. Alipo onse asanu ndi awiri?"

Mzime akanangoti ayi. Mchemwali wake akanamukalipira, mwina akanamukoka khutu, kenako akanapita naye kwa Bambo n'kumupepesera, monga ankachitira kuyambira ali mwana. Koma iye anaponya kansalu pansi.

"Inu zanu ndi masiketi, za galimoto mwazidziwira kuti? Ndikulumbira, onse alipo. Mukufuna mugone pansipo muwerenge?"

Mchemwali wake anali atavala diresi loyera la kasitomala limene ankaliyesa. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Walumbira. Ndakukhulupirira."

Anabwerera kumakina ake.

Kuyambira pamenepo Mzime anayamba kuthawa katundu wolemera. Wa njerwa akabwera, ankati galimoto yalonjezedwa kale. Wa mchenga akabwera, ankati mabuleki akuvuta. Makasitomala a bambo ake anapita kwa ena mmodzimmodzi. Iye ankakhala tsiku lonse pambali pa Tcheni, zitseko zotsekula, nyimbo zikulira, akudikira atsikana aja kuti aweruke. Wamaso aakulu uja anakwera kamodzi, anadzijambula, n'kutsika pakona osafunsa ngakhale dzina lake. Kunyumba zobwera nazo zinachepa. Mayi anagulitsa nkhuku zina kuti agule mankhwala a Bambo.

"Ntchito yavuta masiku ano, Amayi," ankatero Mzime.

"Usadandaule, mwana wanga, ukuyesetsa," ankayankha Mayi, n'kumuwonjezera chakudya m'mbale. Mzime ankadya osawayang'ana.

Kangapo anaganiza zopita kwa Tcheni kuti abwezeretse zitsulo. Koma akayang'ana mmene pikapu inkaonekera m'magalasi a mashopu podutsa, ankati mawa.

Tsiku lina mchemwali wake anafika akuthamanga, nsapato zili m'manja. Anali atapeza chipinda cha shopu kutsidya kwa tauni, pamsewu wodutsa anthu ambiri. Kuyambira kale ankalota za shopu yakeyake: chikwangwani pakhomo, galasi lalitali pakhoma, makina awiri, ndi mtsikana wophunzira ntchito. Anali atagula kale makina achiwiri, aakulu, achitsulo chokhachokha, amene anthu awiri ankachita kuthandizana kunyamula. Pansi pa chipindacho panali pokumbika, choncho anagulanso matumba a simenti.

M'nyumba monse munali chisangalalo. Mayi anaimba. Bambo anaseka mpaka msana kuwapweteka. Mzime yekha ndi amene anayang'ana mulu wa simenti pakhonde.

M'mawa wa tsiku losamuka analowa kuchipinda chakuseri.

"Bambo, bwanji tipite kawiri? Simenti payokha, makina pawokha."

"Kawiri?" Bambo anaseka. "Pikapu imene inanyamula njerwa za nyumba ino? Katundu ameneyo ingoyamba kumene kumwetulira. Ndiponso amisiri akudikira simenti, mwini chipinda akudikira mlongo wako. Kwezani zonse."

Mzime sanasunthe. Bambo anatembenuza mutu pa pilo n'kumuyang'anitsitsa.

"Kodi galimoto ili ndi vuto? Ngati lilipo, nena. Chitsulo chimakonzedwa, palibe choopsa."

Chitseko chinali chotsekula, ndipo Mzime ankamva mchemwali wake panja akuimba uku akupinda nsalu. Mawu anafika pamilomo. Anaganiza za nkhope ya Bambo ikadzamva, za Mayi ndi nkhuku zawo, za lumbiro lija. Manyazi anamutseka pakamwa.

"Palibe, Bambo."

"Ndiye pitani ndi Mulungu."

Anakweza simenti. Thumba lililonse likagwera, pikapu inkatsika. Anakweza tebulo lachitsulo, mipukutu ya nsalu, makina aang'ono, kenako makina aakulu aja. Pomaliza, mutu wa tayala unali utabisala m'thupi la galimoto.

"Yatsika kwambiri lero," anatero mchemwali wake.

"Ndi mmene imachitira ikasenza."

Mayi anakhala kutsogolo atafungata galasi lalitali lija. Mchemwali wake anakwera kumbuyo.

"Achemwali, tipanikizane kutsogolo kuno," anatero Mzime.

"Ndi kusiya makina anga okha? Awa ndi ana anga. Ndiwagwira ndekha."

Anakhala pa thumba la simenti, dzanja lamanja litakumbatira makina aakulu.

Pageti mimba inakhula kwambiri kuposa kale. Mzime anayenda pang'onopang'ono. Pabampu iliyonse kumbuyo kunkagunda, gu! ngati munthu akumenya chitseko. Podutsa pamalo a hayala paja anaona Tcheni atatsamira pikapu yake. Tcheni anayang'ana katunduyo, anayang'ana matayala, n'kutembenukira kumbali.

Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha. Tayala linkakhula chitsulo cha pamwamba pake, ndipo fungo la mphira wopsa linalowa pazenera.

"Chikupsa n'chiyani?" anafunsa Mayi.

"Akuwotcha zinyalala, Amayi."

"Zinyalala zake zikutitsatira?"

Mzime akanaima pamenepo. Koma shopu inali itayandikira, kungotsika chitunda chimodzi n'kuwoloka mlatho. Anadziuza kuti akafika, akatsitsa, mawa lomwe apita kwa Tcheni, ndipo palibe adzadziwe.

Pachitundapo katundu anayamba kukankha galimoto. Kumunsi, pafupi ndi mlatho, kunali bampu. Mzime anaponda buleki, koma kumbuyo kunali kulemera kopanda chokugwira. Matayala akutsogolo anakwera. Akumbuyo atafika, panamveka thyoo! kenako phuu! Zitsulo zotsala za mbali ya kumanzere zinathyoka, tayala lotentha lija linaphulika, ndipo pikapu inazungulira ngati yaledzera n'kukagwera m'ngalande chammbali.

Fumbi la simenti linakwera ngati utsi. Galasi linasweka pamiyendo pa Mayi. Mzime anatulukira pazenera, osavulala paliponse, ndipo anamva kulira kumene sadzakuiwala.

Mchemwali wake anali m'ngalande. Sanawasiye makina ake. Makinawo ndi amene anamugwera padzanja, matumba a simenti n'kubwera pamwamba.

Anthu anathamangira. Amuna anayi ananyamula makinawo, amayi ena anamanga dzanjalo ndi nsalu yatsopano ya pa mpukutu, imene inafiira nthawi yomweyo. Pamene ankaimitsa galimoto yopita kuchipatala, dalaivala wina wa lole anasuzumira pansi pa pikapu, popeza mimba yake tsopano inali poyera.

"Aa! Galimoto ya katundu, zitsulo zinayi zokha? Taonani mabawutiwa, achita kumasulidwa posachedwa. Wachita zimenezi ndani, wofuna kupha anthu?"

Mayi, magazi akutsika m'miyendo, anatembenuka n'kuyang'ana mwana wawo. Mchemwali wake, amene anthu anali atamunyamula, anatsekula maso, ndipo nayenso anamuyang'ana. Mzime analakalaka ngalandeyo itamumeza.

Madokotala anapulumutsa dzanja, koma chala chachikulu ndi cholozera sanathe kuzipulumutsa. Ndi zala zomwe telala amagwirira singano.

Mzime anakhala pabenchi ya panja pa wodi mpaka namwino anamuuza kuti wodwala akumuitana. Analowa akuyang'ana pansi. Dzanja linali pa pilo, lokulungidwa, lalikulu ngati mutu wa mwana.

"Achemwali..."

"Unalumbira," anatero mchemwali wake ndi mawu otsika. "Ndinaika dzanja lomweli pa tayala, ndinakufunsa. Ukanati ayi, ndikanakwera minibasi."

Mzime anatembenuka. Anatuluka akuthamanga.

Anapita molunjika kwa Tcheni. M'mutu mwake munali maganizo a mwana: kuti akabweza zitsulozo m'malo mwake, mwina china chake chibwerera.

Anamupeza akupukuta pikapu yake yakuda.

"Ndipatse zitsulo za bambo anga."

"Ziti?"

"Zimene ndinakusungitsa."

"Aa, zija? Zinapita kale, aise. Wosula zitsulo wa kuseri kwa msika amazifuna kwambiri. Ukuganiza malimu aja anali aulere?"

"Unati tidzabwezeretsa! Mchemwali wanga waduka zala!"

Tcheni anapitiriza kupukuta.

"Pepa. Koma ndinakugwira dzanja ine? Ndinakuuza kuti unyamule matilesi. Yangayi unaionapo itanyamula simenti? Ndiponso usamabwerenso pano, anthu angaganize kuti ndikudziwapo kanthu."

Kuseri kwa msika, wosula zitsulo anali pamoto wake, nyundo ikulira. Mzime atafotokoza, bamboyo analoza pamphasa pamene anayala malonda ake. Panali zikwanje, nkhwangwa ndi mipeni, zonse zonoledwa bwino.

"Chitsulo cha sipuling'i ndi chabwino, sichigona pano," anatero. "Zina zili kale m'minda ya anthu. Chatsala ichi chokha, chinandifupikira."

Anatola pansi kachitsulo kakafupi, kopindika pang'ono, kadzimbiri, n'kumupatsa. Anali wamng'ono wa abale aja, wogona pansi pa onse. Mzime anakanyamula ndi manja awiri ngati maliro.

Atafika kunyumba anagwada pambali pa bedi la bambo ake n'kuika kachitsuloko pa bulangete. Ananena zonse: kuseka kwa atsikana, jeke, malimu, chitini chimene kunalibe, makasitomala amene anawathamangitsa, lumbiro, ndi fungo la mphira. Sanabise kalikonse, ndipo sanamukankhire Tcheni mlandu.

Bambo anatenga kachitsuloko n'kukasisita ndi chala. Misozi inatsikira m'makutu mwawo, popeza sankatha kudzuka kuti aipukute.

"Ndinamva pageti tsiku lija," anatero. "Khutu linandiuza zoona, koma ndinasankha kukhulupirira mwana wanga. Zitsulo unaba, inde, koma zitsulo amagula. Chimene chikundipweteka ndi m'mawa uja. Ndinakutsekulira khomo, ndinati nena. Mawu amodzi okha, Mzime. Unaopa kuchita manyazi pamaso pa bambo ako m'chipinda chotseka, ndipo mlongo wako walipira ndi zala zake."

"Mundithamangitse, Bambo."

"Upite kuti? Kuthawa n'kosavuta. Ukhala pompano, uziliona dzanja limenelo tsiku ndi tsiku. Ine ndakukhululukira, chifukwa nanenso ndimakhululukidwa. Koma kwa mlongo wako upite wekha, ndipo usamuumirize."

Pikapu inakokedwa n'kuikidwa pa njerwa pakona ya bwalo. Malimu aja Mzime anawamasula yekha n'kukawasiya pageti pa Tcheni. Chipinda cha shopu chinatengedwa ndi wometa tsitsi. Makina aakulu anagulitsidwa monga zitsulo zakutha, aang'ono anabwerera pakhonde, ndipo kwa nthawi yaitali pakhondepo panali zii.

Mchemwali wake atatuluka m'chipatala sankamulankhula. Mzime ankamutungira madzi, ankamumangira zingwe za nsapato, ankamutsekulira mabotolo, iye n'kumangolandira osamuyang'ana. M'mawa wina Mzime anamupeza pamakina, akuyesa kulowetsa ulusi pa singano ndi dzanja lamanzere. Ulusi unkaphonya, n'kuphonyanso. Anayesa ndi zala zitatu zotsalazo, ulusi n'kugwa. Mzime anaima kumbuyo kwake, osalimba mtima kuyandikira.

"Ukungoima ngati mtengo bwanji?" anatero mchemwali wake osatembenuka. "Zala uli nazo khumi. Bwera nazo kuno."

Mzime analowetsa ulusiwo. Kuyambira tsiku limenelo anakhala pampando wa makina. Mchemwali wake ankayeza ndi kulemba ndi choko, iye ankadula ndi kusoka. Mizere yake yoyamba inali yokhotakhota ngati njira ya nyerere, ndipo ankasomola mpaka maso kuwawa. Anyamata a pamalo a hayala akadutsa ankafuula, "Atelala! Mutisokereko siketi!" Mzime sankadzutsa mutu. Kuseka kwa anthu odutsa anali atakudziwa kulemera kwake: sikulemera ngakhale ngati ulusi.

Masana ena akusoka m'mphepete mwa diresi la mwana, mchemwali wake anayamba ndi mawu aja a kale.

"Tandiuza, Mzime. Abale asanu ankagwira ntchito limodzi. Awiri anapita ulendo wosabwerera. Atatu otsalawo anapita kukabwereka antchito khumi kwa mnansi, koma antchitowo ndi aulesi, ndipo amasoka mokhota. Ndani amenewo?"

Mzime anaimitsa makina. Mwambi umenewu sunafune kuganiza. Anaweramira pa nsalu, mapewa akugwedezeka.

"Iwe, usalirire pa diresi la kasitomala," anatero mchemwali wake. Anamuika dzanja lija pamutu, la zala zitatu, n'kulisiya pomwepo kanthawi. "Somola mzerewo, uyambirenso."

Anayambiranso. Bambo anadzadzuka, akuyenda ndi ndodo, koma pikapu idakali pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Kachitsulo kaja kali pa tebulo la makina, amatsindikira nako nsalu kuti isauluke ndi mphepo.

Inu anzanga amene mwapatsidwa makiyi a chinthu chimene simunachivutikire, imvani. Musachite manyazi ndi chimene chimakudyetsani chifukwa choti odutsa achiseka. Okusekaniwo sadzakhalapo tsiku la ngalande. Chimene makolo anati musakhudze, musakhudze, ngakhale ali chigonere ndipo sakuona. Ndipo ngati mwakhudza kale, nenani lero, katundu asanakwere. Manyazi a kuulula amatha ndi tsiku limodzi. Mzime anawathawa, ndipo manyazi amene anawapeza m'malo mwake amakhala naye pakhonde m'mawa uliwonse, akumupatsira ulusi ndi zala zitatu.